Mlonda wa Siteji ya Magalasi

Ine ndikayankhula pa Songani, a ku Naisi amamva. Si kudzitama ayi, ndi chibadwa. Sukulu ndinalekezera panjira, zilembo ndimazigwira movutikira, koma pakhosi pano Mulungu anaikapo chuma, ndipo ndi pakhosi pomwepa pamene panandidyetsa ku Joni zaka zambirimbiri. Tsono zimene ndikuuzenizi musati n'zakumva. Ndinaliko ine, ndi maso angawa.

Ndinakwatira kutsidya kwa mtsinje wa Domasi, chikamwini. Akazi anga ndingowatchula kuti amake Eneless, poti mwana amene tinabereka ndi mmodzi yemweyo. Tinkalima mpunga m'dimba la apongozi, koma mpunga wa chaka chonse unkathera feteleza ndi mchere. Nyumba yathu inali yaudzu. Mvula ikagwa, mbale zonse zili mbwee pansi kulandira madzi. Alamu anga a Waisoni, amene ndiwo mwini mbumba komanso nkhoswe ya kuchikazi, akamadutsa ankayang'ana denga, n'kuyang'ana ine, osanena kanthu. Munthu akakutukwana umamuyankha. Nanga wongoyang'ana denga ungamuyankhe chiyani? Ndinagulitsa njinga ndi mbuzi ziwiri, n'kukatenga pasipoti.

Tsiku lonyamuka amake Eneless anandiperekeza mpaka pamsewu wa tala, mwana ali kumbuyo. Minibasi itaima anandigwira malaya.

"Mvula ziwiri, bambo a Eneless. Yachitatu ndisadzawokere ndekha mpunga."

"Ziwiri zokha, mayi. Ndikadzabwera ndi malata, achimwene anuwo adzayang'ane denga mpaka khosi liwawe."

Anaseka. Ndimakumbukira bwinobwino kuti anaseka.

Za m'njira sindinena zambiri. Mwanza, Tete, dziko la Zimbabwe lonse, mapazi atatupa ngati maungu. Pachipata cholowera anandidinda mwezi umodzi. Mwezi umodzi! Ndani anagulapo malata ndi mwezi umodzi? Unatha ndisanadziwe n'komwe kumene dzuwa limatulukira, ndipo kuyambira pamenepo ndinali munthu wopanda mapepala. Lamulo lake n'loti ukapitiriza masiku, tsiku limene udzatuluke amakutsekera kunja zaka. Ndiye munthu umaganiza kuti bola ndikhale kaye ndipezeretu zonse, poti potuluka n'kamodzi kokha.

Amene anandilandira ndi Che Bwanali a ku Malosa, Msilamu wachete, wowonda ngati bango. Iwo ankatsuka matekisi pa renki. Kumeneko minibasi amati tekisi, ndipo pamene amaimapo amati renki. Tinkagona awiri m'kachisakasa ka malata kamene amati mkuku. Iwo ankaswali kasanu pa tsiku, ine ndinkaimba nyimbo za kutchalitchi posamba, ndipo sitinayambanepo. Lachisanu akapita ku mzikiti ndinkawagwirira ndowa. Akabwera ankapeza matekisi awo ndatsuka, n'kumati, "Achimwene, mwatsuka kapena mwangowakalipira fumbi lathawa lokha?"

Tsiku lina woitanira wa pa renki anasasa mawu. Anthu anasokonekera, wopita uku wakwera ya uko. Ine ndinaponya nsanza pansi, ndinakwera pa kreti, n'kutulutsa mawu. Abale anga, nkhunda zonse za padenga zinauluka. Mwini matekisi wina anatsitsa galasi la galimoto yake n'kufunsa kuti chilombo ichi chachokera kuti. Kuyambira tsiku limenelo ndinali woitanira.

Ntchito imeneyo musaipepse. Uyenera kudziwa tekisi yoyamba kufika kuti idzaze yoyamba, apo ayi madalaivala amenyana. Uyenera kufoletsa anthu, wonenepa umuike pafupi ndi wowonda, agogo kutsogolo, woledzera kumbuyo pawindo. Ikadzaza umamenya kawiri pachitseko ndi chikhatho, phaa phaa, yanyamuka. Chizulu ndinachiphunzira cha pakamwa, chotukwanira choyamba. Ndipo ndinatumiza malata. Ndinatumiza simenti, matiresi, wailesi, zonse kudzera kwa matransipota amene amanyamula katundu wa ku Joni. Mvula ziwiri zinakhala zisanu. Ndikaimba foni ndinkati, "Kwatsala mawindo, mayi. Kwatsala chitseko chachitsulo."

Koma ndinene chilungamo: matekisi aja ankazunza anthu. Matayala osalala ngati mphumi, anthu othithikana, dalaivala wodutsa loboti yofiira ngati ndi ya agogo ake. Eni ake akalimbirana msewu ankawomberana mfuti masanasana, ife tikugona chafufumimba pansi pa magalimoto. Anthu a m'tauni muja ankalira ndithu. Ankafuna china.

Ndiye kunabwera khansala wa dera lija. Sinditchula dzina, ife tinkangoti a Posachedwa, chifukwa mawu amenewo sankachoka pakamwa pawo. Anamanga tenti pafupi ndi renki, anapachika chithunzi chachikulu cha mabasi aatali olumikiza pakati ngati bongololo. Mabasiwo akuti adzakhala ndi msewu wawowawo, masiteji a magalasi pakati pa msewu, osathithikana, osawomberana. Eni matekisi anakwiya. Khansala ankafuna kuti ife a pa renki tisachite chipolowe, ndiye anabwera kudzatinyengerera. Atangoyamba kuyankhula magetsi anazima, chinkuzamawu chinangoti zii. Anthu anayamba kubalalika. Wina anati, "Itanani Mmalawi uja!"

Ndinaima pambali pawo. Iwo akanena, ine ndikubwereza. Anthu mazana anamva malonjezo onse aja kudzera pakamwa panga. Atamaliza anandigwira dzanja ndi manja awiri, mafuta onunkhira ali guu.

"Iwe, mabasi akadzayamba udzakhala insipekitala wa pa siteji. Yunifolomu, kapusi, tchuthi chaka ndi chaka."

"Bwana, ine ndine wa ku Malawi. Mapepala ndilibe."

"Africa ndi imodzi, m'bale wanga. Mapepala tidzakonza ndife. Posachedwa."

Mapepala ndi tchuthi! Ndiye kuti ndidzatha kupita kumudzi ndi kubwerera ngati munthu. Ndinafika ku mkuku ndikuyenda ngati tambala. Che Bwanali anamvetsera zonse akusenda anyezi.

"Achimwene, fodya wako ndi amene ali pamphuno. Pa renki mukudya. Uko mukudikira."

"Inu mudzafa manja atakwinyika ndi sopo, Che Bwanali. Ine ndidzatsika pa Domasi nditavala kapusi."

Masiteji anamangadi, okongola kwabasi. Kampani ya mlamu wake wa khansala inapatsidwa ntchito yowalondera kufikira mabasi atabwera, ndipo anatiuza kuti amene alondere ndiwo adzayambe kulembedwa. Sanafunse chitupa. Ndinasiya renki. Mwini matekisi uja anandiitana pagalimoto yake n'kundiuza mwaulemu kuti ndagulitsa anzanga, ndipo ndikadzapondanso pa renki adzanditumiza kwathu m'bokosi. Sankaseka munthu uja.

Apa m'pamene ndinalakwa kulakwa kwenikweni. Ndinaimba foni kumudzi, pa foni ya a Waisoni, ndikudziwa kuti pali anthu pakhonde, n'kunena kuti, "Alamu, uzani onse kuti ndine insipekitala wa mabasi a boma." Sindinati ndidzakhala. Ndinati ndine. Mudzi wonse unamva, mpaka kutchalitchi anandipempherera mothokoza. Kuyambira tsiku limenelo sindikanathanso kutsika pa Domasi ndi chikwama chokha.

Tsono ndikuuzeni za siteji yanga. Inali yaitali ngati kalasi ziwiri, magalasi mbali zonse, pakati penipeni pa msewu waukulu. Uku magalimoto, uku magalimoto. M'kati munali zipata zachitsulo zokulungidwa m'mapulasitiki, benchi imodzi, ndi ine. Kapitawo ankabwera m'mawa, ndikalowa amatseka kunja ndi loko, makiyi m'thumba, wapita. Ankatsegula dzuwa likulowa posinthana ndi mnzanga. Ankati alonda akasiyidwa osatsekera amathawa kukagwira ganyu. Anandipatsa ndowa pakona, mukudziwa ntchito yake. Taganizani, munthu wamkulu, nyumba ya magalasi, tauni yonse ikudutsa. Ndinkatchinga ndi makatoni.

Nthawi yotentha munkakhala ngati m'ng'anjo ya njerwa. Nthawi yachisanu chitsulo chinkaluma m'mafupa. Kujomba tsiku limodzi, dzina lako amafufuta, poti pachipata cha kampani pankakhala anthu pamzere kudikira malo. Ndinadwala chifuwa, ndinapita. Ndinatupa dzino, ndinapita. Madalaivala anzanga akale akamadutsa ankaliza hutala n'kutulutsa mutu pawindo.

"Insipekitala! Basi yafika? Tisungireni mpando wakutsogolo!"

Ndinkawabwezera ndithu, ndipo ankamva ngakhale panali galasi. Koma akapita munkatsala zii, ine ndi ntchentche.

Che Bwanali sananditaye. Masana ankawoloka msewu woopsa uja ndi buledi ndi tiyi wa m'botolo, n'kulowetsa pampata wa pansi pa chitseko. Ankakhala pansi kunja, ine m'kati, misana titatsamira galasi limodzi, tikukamba za kwathu. Za mpunga wa ku Domasi mmene umanunkhira ukamapsa. Za nkhungu ya paphiri. Za masuku a ku Malosa. Ankati, "Ndimabwera kudzaona mkango wa ku zuu, osalipira."

Chisankho chitayandikira, msewu wa mabasi anaupakanso penti yofiira. Tsiku lina kunabwera basi imodzi, yatsopano, yomangidwa maliboni, kwaya ili m'kati. A Posachedwa anakwera pa siteji yanga, ojambula ali piringupiringu, n'kukatsika pa siteji yotsatira, mtunda woti ndikanatha kulavulirapo. Anandiona, anandibayibitsa. Ndinafuula kuti, "Bwana, liti?" Anati, "Posachedwa, m'bale wanga!" Basi ija anakaitsekera kumene anaitenga. A Posachedwa anapambana chisankho. Sitinawaonenso zaka.

Tinkangomva kuti makhansala akukangana za amene adzagulitse mabasi, kuti kontilakitala wathawa, kuti wina wamanga nyumba yosanja. Pamene misewu iwiri ya pakati inali yotchingidwa kudikira mabasi, magalimoto onse ankapanikizana m'mbali. Ulendo unatalika kuposa kale. Anamwino ndi ana asukulu ankatsika n'kumayenda wapansi, akuyang'ana msewu wofiira wopanda kanthu umene udzu unayamba kumeramo.

Tsiku lina anthu anatopa. Anabwera chigulu, masanasana, ndi nyimbo ndi matayala. Khansala sanamupeze ku ofesi, ndiye ukali wonse anabwera nawo pa siteji. Mwala woyamba unang'amba galasi pamwamba pa mutu wanga. Anaunjika matayala pachitseko n'kuyatsa. Utsi unadzaza m'kati. Ndinagwedeza chitseko, loko ali nganganga. Ndinaimbira kapitawo, foni yozima. Ndiye ndinadzaza mpweya wonse umene unatsala n'kukuwa kuti, "Muli munthu muno! Muli munthu!"

Mayi wina wogulitsa malalanje pamphambano, amene ankandiona tsiku ndi tsiku, anataya dengu n'kulowa pakati pa anyamata aja akuwamenya ndi chitenje. "Mukuwotcha mlonda! Khansala ali kwake akumwa tiyi, inu mukuwotcha wosauka mnzanu!" Anakoka matayala ndi ndodo. Ndinapulumuka. Kapitawo atabwera anayamba wawerenga magalasi osweka, ine anandifunsa pambuyo. M'mawa mwake ndinalowanso, anatsekanso. Mudzati ndinali chitsiru. Koma ndikanapita kuti? Ku renki kunali bokosi. Kumudzi kunali insipekitala amene ndinamupanga ndekha. Ndipo ndinali nditadikira kale zaka zambiri moti kuchoka kunali ngati kutaya zonsezo m'madzi.

Kumudzi zinthu sizinaime. Apongozi anamwalira, ndinatumiza bulangete ndi shuga. Eneless anakula, anapeza mwamuna, chinkhoswe chinachitika bambo wake ali m'botolo ku Joni. Ndinati ntchito yachuluka, insipekitala sachoka. Kenako tsiku lina foni inalira ndili pa benchi. Anali a Waisoni.

"Alamu, tili pano ndi mlongo wanga. Nkhani ndi iyi. Kuli bambo wina telala ku Naisi, akazi ake anamwalira. Wabwera mwaulemu kudzafunsa. Mlongo wangayu ndi mayi wa mvano, akuti sangapite kwa munthu inu musanamusudzule. Ndiye sankhani. Bwerani mudzakhale pa banja lanu, kapena tumani nkhoswe yanu idzapereke kandalama ka chisudzulo, munthuyu amasuke."

Ndinaimirira.

"Ine ndafa? Mwamva kuti ndafa? Malata amene mwakhala pansi pakewo anagula ndi telala?"

Kunamveka phokoso, foni ikusinthana manja. Kenako mawu a amake Eneless, otsika.

"Bambo a Eneless, malata sandifunsa kuti ndadzuka bwanji."

"Mayi, dikirani pang'ono. Kwatsala pang'ono zedi."

"Bwerani opanda kanthu. Mpunga ulipo, tidzadya. Mukakana kubwera, ndimasuleni. Chimodzi mwa ziwirizi, chonde."

"Sindikusudzulani, ndipo ndikubwera. Posachedwa."

Nditadula foni ndinamva mawu amene ndinangotulutsawo akubwerera kuchokera m'magalasi. Ndinakhala pansi. Ndinawauza Che Bwanali masana amenewo, ndikuyembekeza kuti andiikira kumbuyo. Anameza buledi n'kundiyankha.

"Inu wakutsekerani ndi kapitawo, madzulo amatsegula. Mayi uja mwamutsekera ndinu, makiyi mwabwera nawo kuno."

Sindinawayankhule sabata yathunthu. Buledi ankalowetsabe pansi pa chitseko.

A Posachedwa anadzagwa pa chisankho china. Analowa wachinyamata wa chipani china, wa magalasi akuda ndi nsapato zosongoka. Ameneyu anayamba ndi kunyoza zonse za mnzake, anakumbanso msewu, anasintha mtundu wa penti. Zinatenganso mvula zingapo. Koma tsiku lina mabasi anabweradi, mzere wautali, akuwala.

M'mawa wotsegulira, kapitawo anatiuza kuti tisese, tipukute magalasi, tichotse mapulasitiki pa zipata. Ndinapukuta ngati ndikusambitsa mwana. Titamaliza anati tivule majekete tiike m'thumba, kontilakiti yatha. Kunja kunali kutafola anyamata ndi atsikana ovala yunifolomu zatsopano, makapusi ali pamutu. Ena ndinkawadziwa, ndi omwe ankavina pa kampeni ya khansala watsopano. Kudenga kwa siteji yanga kunayamba kuyankhula mawu a mzimayi wa m'makina, kutchula kumene basi ikupita, mwaulemu, osasasa.

Khansala atanyamula sizasi kuti adule riboni, ine ndinatsegula pakamwa. Kwaya inasiya kuimba.

"Bwana! Ife tinalondera nyumba iyi! Ndinatsala pang'ono kupsera muno! Anatilonjeza kuti tidzayamba ndife!"

Anatsitsa magalasi akuda aja pang'ono.

"Anakulonjezani ndani, madala?"

"Khansala!"

"Khansala ndine. Ndinakulonjezani ine?" Anthu anaseka. "Chitupa chanu chili kuti? Munavota kuti?"

Ndisanayankhe, anafunsanso.

"Kwanu n'kuti?"

"Ku Malawi. Ku Zomba."

"Ku Zomba kulibe khansala? Mawu abwinowa mukamukuwire ameneyo."

Apolisi awiri anayamba kusendera. Ndinamva dzanja lowonda likundikoka lamba kumbuyo. Che Bwanali anandiwolotsa msewu ngati mbuzi, ine ndikukuwabe.

Patatha masiku anagula kadi yokwerera n'kunena kuti, "Tiyeni mukaione basi yanu." Ndinakana kawiri, kachitatu ndinapita. Abale anga, ndikanakonda ndikuuzeni kuti inali yoipa. Inali yabwino. Agogo anakhala pampando osapanikizidwa. Munthu wa pa njinga ya olumala analowa yekha, osanyamulidwa. Mayi wa malalanje uja ndinamuona atakhala pawindo, dengu pamiyendo, akuwodzera mwamtendere. Tinadutsa matekisi onse ataima pamzere. Pa siteji yanga basi inaima, chitseko chinatseguka chokha, chinatsekeka chokha, tinapita. Sindinathe n'komwe kuwerenga mpaka khumi. Zaka zanga zonse zija, pamenepo.

Che Bwanali ndiwo anandipezera malo pa lole ya transipota wina wa ku Liwonde. Anandipatsa jekete yawo yabwino. Anati iwo atsalako pang'ono, ana akadali pasukulu. Pachipata cha malire wa boma anayang'ana pasipoti, anayang'ana imvi zanga, anapukusa mutu n'kutenga chidindo choletsa kubwerera. Ndinamuuza kuti adinde mwamphamvu chisafufutike.

Ndinatsika pa Domasi masana. Wakabaza anandifunsa kuti, "Madala, mukupita kwa ndani?" ngati ndine mlendo. Pamtsinje tinatsika n'kukankha njinga pa matabwa. Pambali pali mwala wa maziko a mlatho umene anaika ndisanachoke, ndipo pafupi nawo pali wina watsopano, wa khansala wina. Wakabaza anati chaka chatha mayi wapakati anaberekera pompo madzi atadzaza. Ndinafuna kukuwa, koma ndikuwire ndani? Miyala?

Nyumba ndinaipeza. Njerwa zootcha, malata anga atayamba dzimbiri m'mphepete, chitseko chachitsulo. Pakhonde panali mzimayi akuyamwitsa, nkhope ya amayi anga yeniyeni. Anagwada patali n'kundipatsa moni wa alendo. Anali Eneless. Amake anatuluka kuseri ndi lichero. Tsitsi loyera, msana wopindika pang'ono ndi kuwokera. Anandiyang'ana, anayang'ana chikwama changa chimodzi. Za kapusi sanafunse. Palibe anafunsa, ndipo m'pamene ndinadziwa kuti ankadziwa kalekale. Matransipota amanyamula katundu, amanyamulanso nkhani.

Anandipatsa madzi osamba, anandiphikira mpunga ndi nkhuku, anandiyalira m'chipinda cha alendo. Ndinati ndi manyazi chabe, zidzatha. Tsiku lachitatu m'mawa ndinaona a Waisoni akubwera ndi ndodo, pambuyo pawo achimwene anga aakulu, nkhoswe yanga, amene anawaitanitsa kutsidya. Anayala mphasa pansi pa mango.

A Waisoni anayamba ndi mwambo wonse, kuthokoza kuti ndayenda bwino, kuti ndinamanga nyumba. Kenako anati, "Mlongo wanga ali ndi mawu."

Ine ndinalumphira. "Ngati ndi za telala uja, abwere pano ndimuone!"

"Telala anadikira mvula zitatu, anakwatira ku Malosa, ali ndi ana awiri," anatero amake Eneless. "Khalani pansi, bambo a Eneless. Lero mumve inu."

Ndinakhala.

"Ndinakupemphani chimodzi mwa ziwiri, munakana zonse. Sindikufuna mwamuna wina. Nthawi ya zimenezo inapita, munadya ndinu. Koma zaka zonsezi minibasi ikaima kumsewu ndimadzutsa mutu. Ndikaphika ndimapatula pambali. Ndazolowera moti ngakhale mwabwera, dzulo ndinadzutsabe mutu. Amene ndinkamudikira uja sanabwere, ndipo sadzabwera. Ndatopa. Ndikufuna masiku atsalawa ndikhale munthu wosadikira aliyense."

"Koma ndabwera, mayi. Si ine ndili panoyu?"

"Mwabwera chifukwa uko akuchotsani. Akanakupatsani kapusi mukanabwera?"

Achimwene anga anayang'ana pansi. Ndinafufuza bodza m'mutu monse, ine amene sindinasowepo choyankha, koma pamaso pa mayi uja silinapezeke.

"Ndikanati chaka chamawa," ndinatero.

"Zikomo. Mwanena zoona."

A Waisoni anaika mbale pakati pa mphasa. Ndinapisa m'thumba, munali ndalama zapepala za ku Joni ndi chiphaso cha pachipata basi. Ndinapisa thumba lina, mulibe. Amake Eneless anamasula mfundo ya pakona ya chitenje, anatulutsa kandalama kachitsulo kakuda ndi thukuta, ka makedzana, koti lero ngakhale siwiti sungagule.

"Ndinakasunga tsiku la foni lija. Ndinkati mwina mudzati mulibe."

Anakaika m'dzanja langa. Kanali kofunda. Ndikanatha kukaponya kutchire, ndikanatha kukuwa mpaka mudzi wonse usonkhane, kuwerenga malata limodzilimodzi. Ndinawayang'ana manja awo, ming'alu ya matope a m'dimba. Ndinaika kandalamako m'mbale. Kanalira ngwee.

"Ndakusudzulani, amake Eneless. Nyumba ndi yanu ndi mwana. Pitani kumene mufuna."

Ankhoswe anawomba m'manja mwakachetechete. Achimwene anga anati katundu wanga tinyamule, kwa mlongo wathu kutsidya kuli kachipinda. A Waisoni anayamba mawu otsekera, aatali monga mwa chizolowezi chawo.

Koma amake Eneless anali atadzuka kale. Anakung'untha chitenje, anamuuza Eneless kuti aphikire alendo tiyi, anatenga khasu pakhoma.

"Mundikhululukire, lero ndi tsiku langa lothirira. Ndikachedwa madzi apita kwa ena."

Sanadikire kuti a Waisoni amalize. Sanadikire kuti nditsanzike. Analowa kanjira ka kudimba, khasu paphewa, ndipo ndinawayang'ana mpaka anakhota pa nthochi. Sanacheuke ngakhale kamodzi. Ndipo ndikuuzeni, ine amene ndaona anthu zikwizikwi akuthamangira matekisi m'tauni ya eni: sindinaonepo munthu woyenda mopepuka ngati mayi uja tsiku limenelo.